Mzere Wachitatu

Magetsi athimanso kuno ku Zolozolo.
Chifunga cha Juni chafika mpaka pakhonde,
ndipo Mbachi wayala kope pampando,
walemba mizere ndi rula wothyoka:
khwangwala kumanzere, ngaka kumanja.
Akuti aphunzitsi akufuna mawa m'mawa.

Mzere woyamba: gulu lake.
Khwangwala ndi mbalame, apo palibe mlandu,
koma buku lamuika m'banja la zoyimba.
Taseka mpaka lawi la kandulo kugwedera.
Uja wokhosomola padenga dzuwa lisanatuluke,
wa kolala yoyera ngati m'busa wothawidwa ndi mpingo,
ameneyo ndiye woyimba?

Ngaka yamuimitsa mutu.
Mamba ngati nsomba, akutero, mano ilibe,
bwanji osangoiponya kwa abuluzi?
Ndikuti: imayamwitsa, mwanangu.
Imabala mmodzi yekha, nkumubereka chakumchira
monga amako ankakuberekera popita kuchigayo,
ndipo mambawo ndi abale a zikhadabo zakozi.
Wandiyang'ana. Mwadziwa bwanji, adada?
Ndikuti ndinamva pa wailesi.

Mzere wachiwiri: kumene zimakhala.
Wa khwangwala malo achepa:
kudepoti, kuseri kwa butchala, ku Zigwagwa,
pamtaya, pamawaya a magetsi,
paliponse pamene munthu wagwetsa kanthu.
Ife tikachuluka, iye amanenepa.
Wa ngaka ndi mawu atatu okha:
tchire, chulu, usiku.

Ine ndikanawonjezera.
Ndikanati: Kaning'ina, kumtunda kwa damu,
chaka chimene njinga yanga inabedwa
nkuyamba kuotcha makala.
Tinagwetsa mtengo umodzi waukulu,
pansi pa chitsa panali una.
Inatuluka ikuyenda ndi miyendo yam'mbuyo,
manja pachifuwa ngati wodzapepesa maliro.
Itandiona inadzipinda,
mphuno kumimba, mchira pamwamba, zii.
Nzeru imeneyo imatopetsa ngakhale mkango,
koma kwa munthu wa thumba la feteleza
ndi kudzimanga wekha mtolo.
Inkalemera ngati mwana wa chaka chimodzi.
Njira yonse yotsikira ku Katoto
ndinkamva kupuma kwake pamsana panga.

Sindikunena zimenezo.
Ndikungosendeza kandulo kuti aone bwino.

Mzere wachitatu: zatsala zingati.
Khwangwala: palibe nkhawa.
Walemba osakweza mutu.
Ngaka: ili pachiopsezo, lamulo limaiteteza.
Pansi pake pali kabokosi kofuna chifukwa.
Akuluma cholembera.
Walemba kuti anthu,
wafufuta,
walemba kuti anthu adyera,
kenako akundifunsa ngati dyera lili ndi y.

Lili ndi y, ndikutero.

Yunifolomu imene ndinamugulira sabata imeneyo
inathina kale, pano timakolopera pansi.
Fizi ya teremu imodzi, thumba la chimanga,
malata anayi awa amene ali pamutu pathu.
Bambo wa galimoto ya magalasi akuda
sanandiuze dzina lake,
nane sindinafunse kumene akuipititsa.
Chimene chimandidzutsa usiku ndi china:
sindinasuzumire mu una muja
kuti ndione ngati munatsala wamng'ono.

Mbachi watseka kope, akuyasamula.
Akuti akadzamaliza sukulu
adzapita kukaiona yamoyo, osati ya pachithunzi.
Akufunsa ngati ku Kaning'ina ziliko.
Ndikuti kaya.
Apa pokha sindinaname.

Wagona. Ndatsegula buku lake,
ndikutsata mayina ndi chala mpaka kumapeto,
kumene aika munthu pakati pa zoyamwitsa,
masamba atatu kuchokera pa ngaka.
Pafupi ndi dzina lathu alemba
mawu omwe aja a khwangwala:
palibe nkhawa.

Kandulo watsala chala chimodzi.
Kukacha iye adzatera pa malata anayiwa,
adzayenda uku ndi uku, zikhadabo kwee, kwee,
adzapendeka mutu, diso limodzi pa ine,
ndipo ndidzamuponyera khoko la chigumu
monga ndimachitira masiku onse.